A Lufeyo Sanali Munthu Wofatsa

Tsiku limene tinkaika a Lufeyo m'manda, anthu anayi anaimirira kulankhula, ndipo onse anayi ananena mawu amodzimodzi, akuti tataya munthu wofatsa. Woimira mpingo anatero, woimira ochita malonda pa Lisungwi anatero, anyakwawa anatero, mpaka mwana wawo weniweni, Yohane, amene anachokera ku Blantyre atavala suti yothina, anabwereza zomwezo. Ine ndinali pansi pakati pa amayi, ndipo ndinaluma nsonga ya chitenje kuti mawu asandipulumuke. Mwezi uno chakwana chaka. Loweruka lapitali tinali kumanda kuonetsa chiliza, ndipo ndinamvanso bodza lomwelo. Ndiye ndati ndinene ine, poti mwa amene tinawadziwa kuyambira kale ndatsala ndekha.

A Lufeyo anali alamu anga, amuna awo a achemwali anga a Esinati. Kwa zaka zambiri tinkagawana khonde limodzi la sitolo pamsika, iwo kumapeto ndi makina awo osokera opalasa ndi phazi, ine pafupi ndi khomo ndi zitenje zanga. Munthu amene wapsa naye dzuwa la ku Lisungwi pakhonde limodzi umamudziwa kuposa mmene abusa ake amamudziwira.

Chimene anthu ankaona n'kumati ndi kufatsa chinali ichi. Dzuwa likafika paliwombo, a Lufeyo ankachotsa phazi pamakina, ngakhale msoko uli pakati, singano ili m'nsalu. Ankaika sizasi m'dirowa, kuvula nsapato, kukokera kampando kawo kukhoma, n'kukhala msana uli njo, manja pantchafu, maso otseka. Basi. Osayankha moni, osaingitsa ntchentche, osatembenuka ngakhale lole iphulitse tayala pamsewu. Theka la ola, nthawi zina kupitirira. Ankachitanso zomwezo m'mawa asanamwe tiyi ndi madzulo akaweruka, koma za kunyumbazo zinali zawo ndi akazi awo. Zamasanazi ndi zimene zinkagwera ine. Iwo ankangozitcha kukhala, ngati kuti enafe timayandama m'malere.

Taganizani tsiku la msika. Anthu atsika kumapiri ndi mbatatesi ndi manachesi, ena achokera ku Zalewa, mayi wagula chitenje kwa ine ndipo akufuna achipinde m'mphepete msanga asanakwere njinga yamoto. Telala ali pomwepo, koma ali ngati chitsa.

"Kodi agogowa akudwala?"

"Ayi, akukhala."

"Akupemphera?"

"Muwafunse akatsegula maso."

"Ndiye agona eti?"

"Mayi, sanagone, sakudwala, koma sakuyankhani. Dikirani, kapena pitani kwa telala wakuseri kwa chigayo."

Ambiri ankapitadi kuseri kwa chigayo, ndipo ulendo wina chitenje chomwe ankakagula komweko. Ndikadandaula, a Lufeyo ankandiuza kuti nsalu siwola ngati tomato.

Namwino wina wochokera kumpoto, atangofika kumene kudzayamba ntchito kuchipatala kuno, anawapeza ali choncho. Anataya jumbo lake pansi n'kuwagwira pamkono kuti amve ngati mtima ukugunda. Iwo osagwedezeka. Atatsegula maso pa nthawi yawo, anamufunsa mwaulemu ngati wapeza chimene amafunafuna. Mayiyo anachita manyazi, koma patapita miyezi ndinayamba kumuona akubwera Loweruka lililonse n'kukhala pambali pawo pachitenje chake, nayenso maso otseka. Khonde la malonda linasanduka pokhalira anthu awiri osagula kanthu.

Ndinawafunsa kangapo kuti m'mutumo mumachitika chiyani nthawi yonseyo. Yankho lawo linali losakhutitsa. Ankati amangotsatira mpweya, ukamalowa m'mphuno ndi ukamatuluka. Polowa amati Ambuye chamumtima, potuluka amati ndili pano. Maganizo akathawira kumunda, kapena kwa kasitomala wamwano wa dzulo, amawabweza. Akathawanso, amawabwezanso. Ankati mtima wa munthu uli ngati mbuzi yomangirira m'dzinja: ntchito yake n'kukoka chingwe kulowera kuchimanga cha eni ake, ndipo kuikwapula sikuthandiza, umangoikokera pachikhomo n'kudikira kuti ikokenso. Ndinati ndiye zaka zonsezi mbuziyo sinaphunzirebe? Anati ayi, mbuzi siphunzira, amene amaphunzira ndi mwini wake, kuti aleke kuipsera mtima.

Mkwiyo ankautcha mlendo. Apa m'pamene ndimati anthu olankhula pamaliro aja sankawadziwa. Ulusi ukapotana m'bobini ya makina kachitatu, kapena munthu akabwera kudzakana muyezo umene anapereka yekha, ndinkaona mtsempha wa pakhosi pawo ukutupa ngati chala. Ankaika pansi chilichonse chimene chinali m'manja, makamaka sizasi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, wabwera mlendo. Mundionereko makinawa." Kenako ankazungulira kuseri kwa sitolo. Tsiku lina ndinawatsatira mwakachetechete. Ndinawapeza atakumbatira mtengo ndi manja awiri, mphumi ataigunditsa pakhungwa, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pachitunda. Munthu wofatsa sachita zimenezo. Wofatsa amabadwa choncho, savutikira. A Lufeyo ankagwira chintchito cholemetsa tsiku ndi tsiku kuti angofanana ndi munthu wamba.

Ndipo anali ndi kamakani kena kozizira kamene kankandiwawa kuposa kukalipa. Bambo wina atatsegula shopu yometera moyang'anana nafe, n'kuika panja chisipika chogwedeza ndi mano omwe, tonse a mzere wathu tinagwirizana zokadandaula kwa wapampando wa msika. A Lufeyo anakana kupita nafe. Ankati chisipikacho ndi mphunzitsi amene Mulungu wawatumizira, poti kukhala chete kuthengo ngakhale nyani amatha. Ine mutu ukundiphulika sabata yonse, iwo akuyamika mphunzitsi.

Kumpingo nako inavuta. Kunabwera abusa atsopano okonda mapemphero ofuula, ndipo anthu ena anawanong'oneza kuti pali mkulu wina amene amachita zachilendo pamsika, zonga za anthu oitana mizimu. Anawaitanitsa pamaso pa akulu a mpingo. Achemwali anga anatha masiku osadya bwino. A Lufeyo anapita, anamvetsera zonse, kenako anafunsa akuluakuluwo ngati pali wina mwa iwo amene amapita kwa bambo ake n'kulankhula yekha kuyambira pofika mpaka potsanzika, osasiyako mpata woti bambowo anenepo kanthu. Atawauza kuti ayambe apumula pa udindo wolandira anthu pakhomo la tchalitchi, anathokoza, n'kuwonjeza kuti miyendo inali itayamba kale kuwawawa. Patatha miyezi itatu akulu omwewo anawabwezerapo, chifukwa panalibe wina wolawirira ngati iwo. Powachotsa sanakhumudwe, powabwezera sanasangalale, ndipo ine ndinkafuna kuwagwira mapewa n'kuwagwedeza kuti mwina mutuluke kanthu.

Koma chimene chinkandiletsa kuwatamanda monga ankachitira ena n'chakale, ndipo pamaliro sichinatchulidwe. Achemwali anga a Esinati anali ogontha khutu lakumanzere. Sanabadwe choncho. Ine ndili kamtsikana, nyumba yawo inali moyandikana ndi ya mayi athu, poti a Lufeyo anali mkamwini pamudzi pathu. Nthawi imeneyo anali bambo wamphamvu, wakumwa kachasu, woopedwa pamowa ndi pabwalo la mpira pomwe. Tsiku lina masana anabwera n'kupeza kuti achemwali abwereketsa simbi yawo yamakala kwa anzawo. Anawamenya mbama imodzi. Imodzi yokha, ine ndikuona. Achemwali anagwera pamtondo, magazi akutuluka m'khutu, ndipo kuyambira tsiku limenelo mbali imeneyo inatsekeka. Amalume athu sanadikire n'komwe ankhoswe. Anatulutsa makina a a Lufeyo n'kuwaika pakati pa njira.

Anasenza makinawo n'kupita ku Luwani, kumene masiku amenewo kunali kodzaza anthu othawa nkhondo ku Mozambique, ndipo telala sankasowa zigamba zoti asoke. Kumeneko anakumana ndi mkulu wina dzina lake a Zuze, amene kwawo ankaphunzitsa za chikhulupiriro mu mpingo, ndipo nkhondo inawalanda mkazi ndi ana onse tsiku limodzi. A Zuze anawapatsa ngodya ya chisakasa chawo. A Lufeyo ankati chimene chinawazunguza mutu n'choti mkulu wotaya zonseyo ankadya bwino, kugona tulo, n'kumaseka ndi ana a eni, pamene iwo, amene anapasula banja ndi dzanja lawo lomwe, chakudya chinkawakana ndipo ankafuna kumenya aliyense wowayang'ana. Atafunsa chinsinsi chake, a Zuze sanawalalikire. Anangowauza kuti mawa akhale pambali pawo ndipo atseke pakamwa. Tsiku loyamba sanapirire ngakhale nthawi yowiritsira dzira. Anadzuka n'kumenya chitini ndi phazi. A Zuze anati mawanso. Mtendere utabwera kwawo, a Zuze anabwerera, ndipo sanamvekenso.

Patatha chaka ndi miyezi a Lufeyo anatulukira pamudzi ndi ankhoswe awo, anagwada pamaso pa amalume ndi pa achemwali, ndipo achemwali anawalandira. Kuchokera apo kachasu sanamulawenso, dzanja sanakwezerenso munthu. Poyenda ankakhala kudzanja lamanja la achemwali, m'tchalitchi ndi paminibasi chimodzimodzi, kuti akalankhula amveke. Mlendo akalankhula ali mbali yogonthayo, iwo ankabwereza mawuwo pang'onopang'ono mbali inayi, osachititsa munthu manyazi. Sindinawamvepo akunena kuti ndinasintha.

Zonsezi ndinkaziona, koma mtima wanga sunkavomera. Tsiku lina atayamba kundifotokozera za mtendere wa mumtima, ine nditatopa ndi dzuwa, ndinawaphulikira anthu ali pomwepo.

"Inu munapeza mtendere, alamu. Achemwali anga anatsala ndi khutu limodzi."

Anasiya kupalasa makina. Mtsempha uja sunatupe n'komwe.

"Zoona, alamu," anatero.

Basi. Osadziteteza, osanena kuti ndi zakale. Munthu wotere ungakangane naye bwanji? Madzulo ake achemwali atamva anandiitana n'kundikalipira. "Iwe, khutulo ndi langa. Ukulira bwanji kuposa mwini wake?"

Achemwali anatisiya zaka zinayi zapitazo, atadwala nthawi yaitali. Tsiku lomaliza tinali nawo m'chipatala, ndipo adokotala anali atatiuza kale kuti palibenso chochita. Nthawi yawo yokhala ija itakwana, a Lufeyo anakokera mpando kudzanja lamanja la bedi, anagwira dzanja la akazi awo, n'kutseka maso. Ine ndinkayendayenda, kuitana anamwino, kukonza bulangeti lokonza kale, n'kumawanong'oneza mwaukali kuti lero lokha sangaleke kodi. Achemwali anatsirizika dzanja lili m'dzanja lawo. Pamaliro a Lufeyo sanalire mokweza, ndipo amayi ena ankanong'onezana kuti bamboyu mtima wake ndi mwala. Nanenso ndinaganiza choncho, mpaka titabwerera pakhonde. Kwa mwezi wathunthu, masana aliwonse akatseka maso, misozi inkangotsika n'kunyowetsa kolala ya shati, iwo osaipukuta. Akatha ankasamba kumaso n'kupitiriza kusoka mayunifolomu. Ankati chisoni nachonso ndi mlendo, koma ameneyu sumuzembera kuseri kwa nyumba, umamuyalira mphasa.

Ndinawafunsa kuti ngati kukhala kwawoko sikuchotsa ululu, phindu lake n'chiyani, ndipo chimwemwe chimene ankachinena kawirikawiri chili pati. Anatenga siketi imene ankasoka n'kundionetsa msoko. Anati ulusi wapamwamba ukakoka kwambiri nsalu imakwinyika, wapansi ukakoka kwambiri msoko umamasuka, koma zikakokana mofanana palibe amene amauona msokowo, munthu amangovala n'kumapita. Anati chimwemwe chawo ndi chotero, si cha nthungululu, ndipo ngakhale mwezi wa misoziwo chinalipo. Ndinawauza kuti ine ndafunsa funso la munthu, osati la siketi. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasenda nachesi n'kuyamba kudya kachigawo kamodzikamodzi, monga ankachitira nthawi zonse, mochedwa moti woonerera ankatopa.

Nkhani imene anthu a pamsika amaikonda ndi ya tayala, ndipo amaifotokoza molakwika. Inachitika achemwali akadali moyo, mwezi wa Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa malole. Linali tsiku la msika, dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Ndikupindira kasitomala nsalu, bambo wina woonda, wa msinkhu woti ali ndi ana akuluakulu, anakoka zitenje zingapo pachingwe n'kuzilowetsa m'thumba. Mayi wogulitsa usipa anakuwa kuti wakuba, ndipo sanafike patali. Anamugwira pafupi ndi chigayo n'kumukokera kutsogolo kwa khonde lathu, poti katunduyo anali wanga. Pofika apo nkhope inali itatupa kale, shati atamung'ambira.

Chaka chimenecho anthu anali atatopa ndi kubedwa. Ine ndemwe aka kanali kachitatu. Sindibisa, ndinali kutsogolo, ndodo yoyezera nsalu ili m'manja, ndikukuwa nawo. Wina anagubuduza chitayala chakale cha lole kuchokera kwa omata matayala n'kuchigwetsa pafupi ndi munthuyo. Wina anathamangira botolo la petulo amene amagulitsa kwa anjinga zamoto. Mawu oti awotchedwe atayamba, anayenda m'khamumo ngati moto wa lupsa.

Sindinaone pamene a Lufeyo anatsika pakhonde. Ndinangoona mutu wa imvi ukudutsa pakati pa anthu, opanda nsapato. Anafika patayala paja, anatembenuka, n'kukhalapo. Anawongola msana, manja pantchafu, n'kutseka maso.

"Madala, chokani pamenepo!" anakuwa bambo amene anabweretsa tayalalo.

Zii.

"A Lufeyo, tikuthirani petulo limodzi ndi wakubayu!"

Zii. Wina anawakoka mkono, koma thupi analilemeretsa ngati thumba la simenti, ndipo mkonowo utasiyidwa unabwerera pantchafu. Wa botolo uja, kaya mwadala kaya chifukwa chokankhidwa, anawathira petulo pabuluku. Fungo linamveka ponseponse. Wakuba uja, ali chigonere m'fumbi, anakwawa n'kugwira mwendo wa a Lufeyo ndi manja onse awiri. Ndinaona munthu wina akusisita m'thumba kufuna machesi.

"Alamu, dzukani! Mwapenga kodi? Alamu!"

Ngakhale chikope sichinagwedezeke. Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamenepo, koma ndinapezeka nditaima kutsogolo kwawo, ndodo ija nditailozetsa kwa anthu omwe ndimakuwa nawo posachedwapa.

"Nsaluzo ndi zanga! Wabedwa ndine! Amene ayatse machesi pano ayambe wawotcha ine, ndipo akafotokoze yekha kwa achemwali anga!"

Kenako wometa uja, mwini chisipika, anayang'ana pafoni yake n'kunena mokweza kuti, "Alekeni, abale. Thwelofu yakwana. Awa ngakhale kutagwa bomba sadzuka."

Wina anaseka. Kenako ena angapo. Ndipo khamu likayamba kuseka, kupha kumavuta. Ena anayamba kubwerera kumabenchi awo poopa kuti nawonso abedwa, ena anatsala akutukwana, koma patali. Wa botolo anazemba. Tinakhala choncho padzuwa, ine chiimire, iwo chikhalire, wakuba atagwira mwendo, mpaka apolisi anafika n'kumutenga.

Anthu amathera pamenepa pofotokoza, n'kumati taonani kulimba mtima kwa munthu wa Mulungu. Sanaone zotsatira zake. A Lufeyo analephera kuimirira. Tinachita kuwanyamula ine ndi wometa uja mpaka kuseri kwa sitolo, kumene anasanza zonse zimene anadya m'mawa. Masiku awiri otsatira sanathe ngakhale kulowetsa ulusi pasingano. Nditawapatsa madzi ndinayamba kuwazazira.

"Mukanapsa! Mukanatisiyira chiyani? Chifukwa cha wakuba, munthu woti simukumudziwa n'komwe!"

"Alamu, musandiyese wolimba mtima," anatero. "Nditamva kuti wakuba, dzanja langa linali litafika kale pasizasi. Ndinadziwa kuti ndikakhala chiimire ndimenya nawo. Ndipo mmene ine ndimamenyera, inu mukudziwa. Ndiye ndinafuna pokhala."

"Patayala?"

"Mpando wina panalibe pamenepo."

"Nanga maso ali otseka choncho mumaganiza chiyani?"

"Ndimamva fungo la petulo. Ndimaopa kufa. Ndimabwerera kumpweya. Kenako ndimamva inu mukukuwa, ndiye ndinati basi, alamu afika, zitheka."

Mpaka lero sindidziwa ngati ananena zoona kuti anangofuna pokhala, kapena anadziwiratu kuti akakhala pamenepo ine ndikakamizika kuteteza munthu amene wandibera. Zonse ziwiri zimandikwiyitsa. Wakuba uja anakakhala kundende miyezi ingapo. Sanabwere kudzathokoza. Tinadzamuona patapita nthawi akukankha njinga ya makala pamsewu wa ku Zalewa, ndipo atatizindikira anayang'ana kumbali. Ine ndinati taonani kusayamika. A Lufeyo anati zili bwino, wakufa sachita manyazi. Zitenje zanga zinabwerako zili ndi madontho a magazi osachoka, zosagulitsika, ndipo iwo anadula mosiya madonthowo n'kundisokera makatani osandifunsa n'komwe ngati ndikuwafuna.

Matenda awo omaliza sanatenge nthawi. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, ndipo Yohane anabwera kuti awatengere ku Blantyre. Anakana. Tinawagoneka m'chipatala chakuno, ndipo anali wodwala wovuta, ndinene zoona. Ankadandaula za phala, za pilo, za anthu obwera kudzawapempherera mofuula pamutu. Tsiku lina Yohane akuwaumirizabe za ulendowo, anamukalipira ndi mawu amene ndinali ndisanawamve kwa zaka makumi atatu, moti wodi yonse inatembenuka. Mwanayo anatuluka misozi ili m'maso. A Lufeyo, akupuma movutikira, anandiuza kuti ndikamuitane. Anamupepesa, n'kunena akumwetulira kuti mbuzi ija yadula chingwe pa mapeto penipeni, ndipo si bwino kuti anthu aziganiza kuti inafa kale. Masana amenewo anapempha kuti tiwatsamiritse pakhoma, ndipo anakhala monga mwa masiku onse, ngakhale mpweya umene ankautsatirawo unali utatsala wochepa. Mawu omaliza amene anandiuza ine anali a zovala za eni: kuti diresi la amayi a ku Chifunga lili m'jumbo lobiriwira, latsala zipi yokha, ndipo ndisalipereke kwa telala wakuseri kwa chigayo chifukwa amakhotetsa. Anawonjeza kuti ndimalankhula kwambiri. Anamwalira m'mawa mwake dzuwa litangotuluka.

Makina anatenga Yohane. Ndamva kuti ali pabalaza kwake, atawaphimba ndi nsalu yoluka, pamwamba ataikapo maluwa apulasitiki. Kumapeto kwa khonde kwatsala timaenje tinayi m'simenti, pamene miyendo ya makinawo inadya pansi, ndi banga la oyilo pakati pake. Pakhoma, pamsinkhu wa munthu wokhala pampando, pali chibanga chakuda chozungulira, pamene nkhongo yawo inkakhudza. Mwini sitolo wapakapo laimu kawiri, ndipo kawiri konse chatulukanso. Mayi wina walankhula kale ndi mwini sitoloyo kuti mwezi wamawa aikepo kabenchi kake kogulitsira mayunitsi, ndiye malowo sakhalitsa chonchi. Pakadali pano palibe amene amaikapo katundu. Ine ndinayesa tsiku lina kuunjikapo zitenje, poti malo ndi ochepa, koma lisanafike dzuwa pamutu ndinazichotsa, ndipo sindinganene chifukwa chake.

Ndimasesapo m'mawa uliwonse ndikung'ung'udza, chifukwa mphepo imakokera fumbi la msika wonse pangodya imeneyo. M'ming'alu ya simenti mukutulukabe tizidutswa ta ulusi, tofiira, tabuluu, toyera ta mayunifolomu. M'mawa uno ndinawerama kuti nditole kena konyezimira, osadziwa kuti ndi singano yothyoka, ndipo yandibaya chala mpaka magazi. Ndinapezeka nditatembenukira kukhoma lija, pakamwa nditatsegula kale kuti ndiwakalipire.